Chitsulo Chogona pa Chinzake Popanda Mpata

Nkhani ya lero ikuyambira pa Nkhamenya, m'dera la Mfumu Kaluluma, kumpoto kwa boma la Kasungu, pamene msewu wa M1 umalunjika ku Jenda ndi ku Mzimba. Mwezi ndi wa Okotobala. Dzuwa likuswa mtengo, fumbi lakuta masamba a mango, ndipo kumadambo alimi a fodya ali kalikiliki kuthirira nazale kuti mvula ikadzagwa mbande zidzakhale zitakhwima. Ena akutunga ndi makheni, koma amene thumba lawo likulola atchera kainjini kopopa madzi m'mphepete mwa chitsime. Pamsika chigayo cha dizilo chikugunda, njinga zamoto za kabaza zikudutsana, ndipo mathirakitala a m'maesiteti akufukula nthaka youma.

Nyengo imeneyi injini zimatentha, ndipo injini ikatentha mopyola, makaniko amapeza ntchito. Pagalaji ya pansi pa mtengo, monga zilili zambiri m'misika ya m'mbali mwa msewuwu, munthu wodutsa amatha kuona chinthu chodabwitsa. Makaniko wamasula hedi ya injini ya njinga yamoto, wayala galasi lochindikala pathebulo, wamatapo sandipepa wonyowa, ndipo akukhula hediyo pang'onopang'ono, akuizunguza ngati akulemba nambala 8. Sakuthamanga. Akakhula kanthawi amaitembenuza, n'kuiyang'anitsitsa, n'kupitiriza. Mwini njinga, amene tsiku lake likupita popanda kunyamula munthu, amangoti kukamwa yasa, n'kumafunsa ngati bwana makanikoyo atsiriza lero lomwe.

Chimene makanikoyo akuchita chili ndi dzina m'mafakitale a dziko lonse. Amati lapping, ndipo mtundu wake wofuna kuti nkhope ya chitsulo ikhale thyathyathya amati flat lapping. Ndi ntchito yotsiriza, yochitika makina odula ndi opala atatha zawo. Amatenga chitsulocho, n'kuchikhulitsa pa mbale ina yolingana bwino, pakati pa ziwirizo atathirapo phala la timchenga tolimba kwambiri tosakaniza ndi mafuta kapena madzi. Timchenga timeneti timagubuduzika, n'kumadya paliponse pamene patukuka, mpaka nsonga zonse zitatha. Chitsulo chimene chimachoka n'chochepa zedi moti sichingadzaze ndi chikhadabo chomwe.

Apa pali mawu awiri amene anthu amasokoneza. Kusalala ndi kwina, kukhala thyathyathya ndi kwinanso. Dzira ndi losalala, botolo ndi losalala, mphika umene mayi waukulungiza ndi nkhulungo umachita kunyezimira, koma palibe chimodzi mwa izi chimene chili thyathyathya. Bwalo la mpira lingakhale lolingana bwino koma lokhakhala. Injini imafuna zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo muyeso wake diso silingaugwire. Amisiri amawerenga m'ma maikiloni. Milimita imodzi, kamzere kochepetsetsa ka pa lula ya mwana wa sukulu, mukaigawa ka 1,000, gawo limodzi ndilo maikiloni. Tsitsi la munthu limachindikala maikiloni pafupifupi 70. Mabuku a injini zambiri amati hedi ikapindika kupitirira maikiloni 50 kapena 100, gasiketi singagwire: idzapsa, madzi adzalowa mu oyilo, oyilo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Kupindika kwa tsitsi limodzi lokha kumaimitsa chigayo cha mudzi wonse.

Tsono funso n'lakuti, mbale yoyamba yolingana bwinoyo idachokera kuti? Pofuna kuwongola chinthu pamafunika china chowongoka kale choyezera. Nanga choyambirira adachiyeza ndi chiyani?

Yankho limayambira kuseri kwa nyumba za agogo. Aliyense amene adakulira kumudzi adaionapo mphero, mwala umene amayi ankaperapo mawere ndi mapira, ndi kamwala kake kapamwamba kotchedwa mwanamphero. Miyala iwiriyi imakhulana zaka ndi zaka, ndipo imafika pogwirizana bwino lomwe. Koma yang'anani mphero yakale. Pakati pake padakumbika ngati mbale ya ndiwo, pamene mwanamphero adabulungika kuti alowe m'chikumbumo. Ziwirizo zimagonana popanda mpata, koma zonse n'zopindika. Izi sizichitika chifukwa cha ulesi wa woperayo. Zinthu ziwiri zikamakhulana zokhazokha, china chimalowa m'kati, chinzake chimatukumuka, ndipo zimakhutira ndi zimenezo. Opanga magalasi a maso ndi a makina oonera nyenyezi amagwiritsa ntchito khalidwe lomweli mwadala, popeza iwo amafuna galasi lopindika.

Njira yothawira msampha umenewu ndi kubweretsa wachitatu. Tengani mbale zitatu. Khulanitsani yoyamba ndi yachiwiri, kenako yachiwiri ndi yachitatu, kenako yachitatu ndi yoyamba, n'kumabwereza mosinthanasinthana. Ngati yoyamba yakumbika, ndiye kuti ziwiri zinazo zatukumuka kuti zigwirizane nayo. Koma ziwiri zotukumukazo mukazikumanitsa zimagundana pamimba, n'kumagwedezeka, ndipo bodza lawo limaonekera poyera. Mbale zitatu sizingagwirizane zonse, iliyonse ndi inzake, pokhapokha zonse zitakhala thyathyathya. Mlandu wa anthu awiri ogwirizana kunama umavuta pabwalo la mfumu, koma akabwera mboni yachitatu nkhani imaphwanyika. Ku chitsulo n'chimodzimodzi.

Nzeru imeneyi idakhazikika ku England zaka pafupifupi 200 zapitazo. Mu shopu ya Henry Maudslay ku London, amisiri ankapanga mbale zoterezi zitatuzitatu kuti mmisiri aliyense akhale ndi poyezera ntchito yake. Mmodzi mwa anyamata amene adagwira ntchito kumeneko anali Joseph Whitworth, wobadwa mu 1803, amene pambuyo pake adatsegula shopu yake ku Manchester. Mu 1840 adafotokoza njirayi pamsonkhano wa akatswiri a sayansi ku Glasgow. Chosangalatsa n'chakuti Whitworth sankakhulupirira kwambiri phala lokhulira la masiku amenewo, chifukwa linkadya chitsulo mosasankha. Iye ankakonda kupaka utoto pambale imodzi, kugonekapo inzake, n'kupala ndi kampeni kolimba pamene pada utoto pokha. Amisiri a lero amagwiritsabe ntchito utoto wabuluu pa ntchito yomweyo, ndipo makaniko wa pa Nkhamenya akamalemba mizere ya pensulo kapena ya maka pa hedi asanayambe kukhula, kuti aone mizere imene yafufutika ndi imene yatsala, akutsata mapazi omwewo. Dzina la Whitworth lidafika ku Nyasaland kudzera njira ina: mu 1841 adakhazikitsa muyeso wa mazinga a mabawuti, ndipo makina akale a ku Britain amene adagwira ntchito m'maesiteti ndi pa njanji ankamangidwa ndi mabawuti a muyeso wake. M'mabokosi a amakaniko achikulire mumapezekabe masipanala olembedwa W, amene sakwana bwino pa nati ya galimoto la ku Japan.

Chinthu china chimene chimazunguza mutu munthu akamva koyamba ndi ichi: mbale yokhulirapo imakhala yofewa kusiyana ndi chitsulo chimene ikukhula. Kawirikawiri amaipanga ndi cast iron, chitsulo chomwe chija cha nsimbi yamakala ndi mapoto akuda a miyendo itatu. Kufewa kwakeko ndiye mphamvu yake. Timchenga timamira pang'ono m'mbalemo, n'kugwira, mitu yake ili kunja ngati mano, ndipo chimene chimadyeka kwambiri ndi chitsulo cholimba chodutsa pamwamba. Mbaleyo amailemba ngalande zing'onozing'ono zopingasana kuti phala lotha ntchito ndi zinyenyeswa zizipeza kothawira.

Timchengato si ta kumtsinje wa Dwangwa ayi. Tina ndi silicon carbide, amene Edward Acheson wa ku America adatulukira njira yomupangira mu 1891 potenthetsa dongo ndi makala ndi moto wa magetsi. Phala limene amakaniko amagula m'kachitini ka zivundikiro ziwiri, mbali ina lokhakhala, mbali ina losalala, nthawi zambiri limakhala la mtundu umenewu. Tina ndi fumbi la dayamondi, la zitsulo zolimbitsitsa. Tinanso ndi aluminium oxide, ndipo apa Malawi akulowamo, pakuti mwala wachilengedwe wa mtundu umenewu, wotchedwa corundum, umapezeka pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Ukakhala wofiira ndi woyera bwino amautcha ruby, ukakhala wa mitundu ina amautcha sapphire, ndipo umagulidwa ndi ndalama zambiri. Ukakhala wakuda ndi wosaoneka bwino, ntchito yake ndi yonola ndi kukhula. M'miyala ya pa Kangankunde ku Balaka mulinso cerium, amene mafakitale amagwiritsa ntchito popukuta magalasi kuti awale. Zokhulira zili m'nthaka yathu, koma kachitini ka phala kamene kali pagalaji kadachita kuwoloka malire.

Munthu amene adaonetsa dziko kutalika kwa pamene kukhula chitsulo kungafike anali Carl Edvard Johansson wa ku Sweden. Iye ankagwira ntchito yoyeza pa fakitale ya mfuti ya boma mu tauni ya Eskilstuna, ndipo adatopa ndi kuchuluka kwa zoyezera, chifukwa kachitsulo kalikonse ka mfuti kankafuna choyezera chakechake. Cha m'ma 1896 adaganiza zopanga timidadada tachitsulo tamiyeso yosiyanasiyana, toti munthu akatisanjikiza angapeze muyeso uliwonse umene akufuna. Makina oyenera analibe. Adatenga makina osokera a Singer a kunyumba kwake, n'kuwasandutsa okhulira, ndipo mkazi wake ankamuthandiza ntchitoyo. Mu 1901 adalandira chiphaso cha boma chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake.

Timidadada timeneti nkhope zake n'zolingana kwambiri moti mukatsetsereza kamodzi pa kanzake timamatirirana, popanda guluu, popanda maginito, ndipo kulekanitsa kwake n'kochita kupotokola. Henry Ford, wopanga magalimoto uja, adaona kuti popanda muyeso umodzi wodalirika pisitoni yopangidwa mu fakitale ina singalowe mu injini yopangidwa kwina, ndipo mu 1923 adatenga Johansson ndi ntchito yake kupita nawo ku Dearborn. Kuti lero mnyamata wa kabaza agule mapisitoni ringi pa sitolo ya ku Kasungu, opangidwa ku China kapena ku India, n'kukwana mu njinga yake osasema, chiyambi chake chili pa timidadada tija. Ndi Johansson yemweyo amene ankapanga timidadada take powerengera kuti inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, muyeso umene mayiko olankhula Chingerezi adadzagwirizana mu 1959.

Pali kanthu kena kamene kamakhudza ife a kotentha. Chitsulo chimafutukuka chikatentha. Kachitsulo kotalika mamilimita 100 kamakula ndi maikiloni oposa pang'ono imodzi kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. N'chifukwa chake mu 1931 mayiko adagwirizana kuti miyeso yeniyeni izitengedwa pa madigiri 20. Masana a Okotobala pa Nkhamenya, pansi pa denga la malata, madigiri 20 ndi maloto. Ngakhale kutentha kwa m'manja mwa munthu kumasintha muyeso wa kachitsulo kakang'ono, moti m'zipinda zoyezera amakagwira ndi zopanira kapena magolovesi, n'kukasiya kaye kazizire asanawerenge.

M'fakitale ya masiku ano, manja a munthu adalowedwa m'malo ndi makina. Mbale yaikulu yozungulira imayenda pang'onopang'ono ngati mphero ya ng'ombe, ndipo pamwamba pake pamakhala mphete zitatu kapena zinayi zolemera. Tizitsulo tofuna kukhulidwa amatiika m'kati mwa mphetezo. Mphetezo nazo zimazungulira, ndipo ntchito yake ndi iwiri: kusunga tizitsulo, ndi kudya mbaleyo mofanana kuti isasanduke mphero ya agogo. Woyendetsa makina akaona kuti mbale yayamba kukumbika kapena kutukumuka, amasuntha mphetezo kupita nazo m'kati kapena kunja. Makina ena ali ndi mbale ziwiri, yapansi ndi yapamwamba, ndipo amakhula nkhope ziwiri nthawi imodzi. Timapepala topyapyala ta silicon, tomwe amapangira ubongo wa foni ndi kompyuta, timadutsa m'makina otere tisanapukutidwe komaliza. Foni imene mlimi amamverapo mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma kapena Kanengo ili ndi mbiri imeneyi m'mimba mwake. Ntchito yokhulayi siitenthetsa chitsulo ngati mwala wa girayinda wothetheka moto, ndipo sipafunika kuchipana mwamphamvu, choncho ngakhale kanthu kopyapyala sikapindika.

Nanga amadziwa bwanji kuti afika? Lula singathandize, ndipo chala chimanama. Amayeza ndi kuwala. Amatenga galasi lapadera lokhulidwa bwino koposa, n'kuligoneka pa chitsulocho, n'kuunikira ndi nyale ya mtundu umodzi wokha wa kuwala, kawirikawiri ya mpweya wa helium, yowala mwachikasu. Pagalasipo pamaoneka mizere yakuda ngati ya mbidzi. Mizereyo ikakhala yowongoka ndi yotalikirana mofanana, chitsulo chili thyathyathya. Ikakhota, kapena ikapanga mphete ngati madzi a padziwe mwala utagweramo, ndiye kuti pali phiri kapena chigwa. Mzere umodzi umaimira maikiloni 0.3, kutanthauza kuti m'kuchindikala kwa tsitsi limodzi muli mizere yoposa 200.

Tibwerere kudambo, pa kainjini kopopa madzi kaja. Chitsulo chozungulira chimachokera ku injini n'kulowa m'chipinda cha madzi, ndipo pamene chikulowerapo madzi sayenera kutuluka. Chimene chimatseka pamenepo ndi timphete tiwiri, kena ka kaboni, kanzake ka dongo loyera lowotcha kapena ka silicon carbide, togonana nkhope ndi nkhope, kasipuling'i kakutikankhira pamodzi. Kena kamazungulira kanzake kali chilili, maulendo oposa 3,000 pa mphindi imodzi. Nkhope zake amazikhula mpaka mizere ya kuwala iwiri kapena itatu yokha, osakwana maikiloni imodzi. Madzi ochepa kwambiri amalowa pakati pake n'kumatiziziritsa. Mlimi akaliza pampu popanda kuithira madzi poyamba, timphete timeneti timauma, timatentha, timang'aluka m'kanthawi kochepa. Akaika paipi yokoka pansi penipeni pa chitsime, pamatope, mchenga umalowa, n'kuyamba kukhula timphete tija mopanda dongosolo. Pakutha pa sabata zingapo pampu yayamba kudontha, ndipo mwini wake akudandaula kuti katundu wa masiku ano ndi wachabechabe. Nthawi zina akunena zoona. Nthawi zambiri wolakwa ndi matope.

Mpopi wa m'nyumba wotseka pongoukhotetsa pang'ono nawo uli ndi timbale tiwiri ta dongo lowotcha tokhulidwa motere, m'malo mwa kalabala ka mipopi yakale.

Koma pamene nkhaniyi imawawa kwambiri m'thumba ndi pa injini ya dizilo. Kuchokera mu 1927, pamene kampani ya Bosch ku Germany idayamba kupanga mapampu a dizilo ochuluka, mtima wa injini yotere wakhala tizitsulo tokhulidwa tiwiritiwiri. Mu nozulo muli kasingano koyenda m'kachibowo, ndipo mpata wa pakati pake ndi maikiloni awiri kapena atatu. Kasingano ka nozulo ina sikaloledwa kulowa mu nozulo inzake, chifukwa kalikonse kadakwatitsidwa ndi nyumba yake ku fakitale. Kumsana kwa nozuloyo kuli nkhope ya thyathyathya imene imagona pa chitsulo chinzake popanda gasiketi, popanda labala, chitsulo pa chitsulo basi. Tayala la galimoto laling'ono limapopedwa mphamvu ya mabaa awiri kapena kuposerapo pang'ono. Nozulo ya chigayo kapena ya thirakitala yakale imatseguka pa mabaa pafupifupi 200. Magalimoto atsopano a common rail amafika mabaa 1,600 mpaka 2,000. Mphamvu yonseyo imatsekeredwa ndi kulingana kwa nkhope ziwiri zachitsulo.

Tsono ganizirani dizilo wa m'chigubu. Mu 2011 ndi 2012, komanso m'zaka zaposachedwapa, mafuta atasowa m'dziko muno, anthu ambiri akhala akugula kwa mavenda a m'mbali mwa msewu, ndipo wa chigayo wa kumudzi alibe njira ina yonyamulira mafuta koma chigubu chomwecho. Chigubu chimakhala pansi, pafumbi, chivundikiro chake ndi chitsononkho kapena pulasitiki. Fumbi la m'chigwa cha Kasungu lili ndi timiyala tolimba kuposa chitsulo wamba, ndipo tambiri n'tokula kuposa mpata wa mu nozulo. Fumbi losakanizika ndi dizilo ndi phala lokhulira lenileni, lofanana ndi la m'fakitale, kungoti ili lilibe woliyang'anira. Madzi akalowamo amabweretsa dzimbiri. Parafini, amene ena osaopa Mulungu amasakaniza ndi dizilo kuti achuluke, alibe mafuta okwanira otetezera tizitsulo, choncho timakhulana touma. Zizindikiro zake aliyense wa chigayo amazidziwa: injini ikuvuta kulira m'mawa, ikufuka utsi, ikumwa mafuta, yafooka moti ikalandira chimanga chambiri imafuna kuzima. Fyuluta ya dizilo ndi yotchipa poyerekeza ndi pampu, komabe ndi imene anthu amayamba kuinyalanyaza ndalama ikachepa. Ena amaiboola ndi msomali ikatsekeka kuti mafuta adutse. Pamenepo ndiye kuti atsegulira fisi khola.

Pampu ndi manozulo zikafika potere, pansi pa mtengo sipathandiza. Zimakwera basi kupita ku mashopu a dizilo a m'mizinda ngati Lilongwe, Mzuzu kapena Blantyre, kumene kuli makina oyesera, ndipo chigayo chimakhala chotseka masiku angapo amayi akuyenda mitunda ndi matumba pamutu.

Izi sizikutanthauza kuti makaniko wa galasi uja akusewera. Galasi lake ndi chida chanzeru, ndipo chifukwa chake chili m'mapangidwe a galasilo. Kuyambira mu 1959, pamene kampani ya Pilkington ku England idalengeza njira yatsopano, magalasi ambiri amapangidwa poyandamitsa galasi losungunuka pamwamba pa chitsulo cha tin chosungunukanso. Chinthu chamadzimadzi chikadekha chimalingana chokha, monga madzi a m'beseni, choncho galasi limatuluka lolingana popanda wolikhula. Pa hedi ya njinga yamoto, pa chivundikiro cha kabuleta, pa nkhope ya pampu ya oyilo, kulingana kumeneku n'kokwanira ndithu. Kuzunguza ngati nambala 8 kulinso ndi chifukwa chake: dzanja la munthu limalemera mbali imodzi, ndipo akamangopita kutsogolo ndi kumbuyo, m'mphepete mumadyeka kuposa pakati, hedi n'kusanduka mwanamphero.

Malire ake alipo, ndipo makaniko wabwino amawadziwa. Galasi lopyapyala limapindika likagona pathebulo lokhota. Hedi yaitali ya thirakitala kapena ya lole singatheke pagalasi, imafunika kukasikimidwa pa makina. Kudya chitsulo chambiri kumachepetsa chipinda choyakira mafuta, ndipo injini imayamba kugogoda. Choopsa koposa ndi phala lotsalira. Kadontho kamodzi kakatsala m'njira ya oyilo, kamapitiriza ntchito yake m'kati mwa injini, pa mabering'i ndi pa silinda, mwini wake akuyenda mokondwa osadziwa kanthu. Mmisiri amaoneka pa kutsuka kwake.

Anthu a m'chigwa chino chitsulo sadachidziwire kwa azungu. M'nkhalango ya Kasungu National Park muli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zimene zidakaimabe, ndipo wofufuza David Killick adalemba za luso la osungunula chitsulo a ku Kasungu a pakati pa 1860 ndi 1940. Makasu ndi nkhwangwa za m'ng'anjo zimenezo ankazinola pamwala ndi madzi. Chimene chikusowa lero ndi zoyezera. Achinyamata amene amaphunzira zamakaniko m'makoleji a ntchito zamanja monga a Lilongwe, Mzuzu ndi Namitete, pansi pa ndondomeko ya TEVETA, amakumana ndi maikulomita, ndi tizitsulo topyapyala toyezera mpata, ndi lula yachitsulo yowongoka. Koma amakaniko ambiri a m'misika adaphunzira poyang'ana ndi potumidwa masipanala, ndipo zida zimenezi n'zodula kwa munthu amene amalandira malipiro a tsiku ndi tsiku. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, ndi limene limayang'anira miyeso m'dziko muno, koma anthu a kumudzi amalidziwira pa masikelo a fodya ndi a chimanga. Lula yowongoka imodzi ndi tizitsulo toyezera mpata, zogula amakaniko a msika umodzi atasonkherana, zingachepetse mahedi ambiri amene amakhulidwa mongoganizira, ndi ena amene amatumizidwa kutauni pamene akadatheka pomwepo.

Pagalaji paja dzuwa lapendeka. Hedi yatha, mizere yonse ya pensulo yafufutika, ndipo tsopano yatsala ntchito ya mavalavu. Iyi ndi m'bale wake wa flat lapping, kungoti nkhope zake n'zopendekeka ngati mlomo wa fanulo. Makaniko amapaka kaphala m'mphepete mwa valavu, n'kuilowetsa pampando wake, n'kumatapo kamtengo kokhala ndi labala kunsonga. Akasowa kamtengoko amaveka kapaipi ka labala kumchira kwa valavuyo. Kenako amapukusa pakati pa zikhatho monga mayi apukusira therere, akunyamula pang'ono, akutembenuza, akupukusanso. Khutu lake lili pomwepo. Poyamba phokoso limakhala lokhakhala, ngati mchenga m'mano, kenako limafewa n'kukhala ngati kunong'ona. Akapukuta amayang'ana kamzere kotuwa kozungulira valavu yonse popanda podukira.

Amatsuka zonse ndi parafini kawiri kapena katatu, amabwezera masipuling'i, n'kugoneka hediyo cham'mbali. Kenako amathira parafini m'njira imene mpweya umalowera, n'kukhala pansi pa chitsa, iye ndi mwini njinga, maso ali pa mphepete mwa valavu. Pakadutsa mphindi zingapo pali pouma, amayamba kumanga.